M'busa amene anapita kukatsutsa, nabwerako atavomera

Tayerekezani kuti mwakhala mukunena chinthu kwa zaka zambiri, pabwalo, kutchalitchi, pamaso pa ana anu. Tsiku lina mwadzionera nokha kuti si zoona. Mungatani?

Zimenezi zinamugwera Henry Whitehead, m'busa wa mumzinda wa London, ku England. Mu 1854 kolera inabuka m'dera lake ndi kupha anthu oposa 600. Masiku amenewo madokotala ambiri, ophunzira zedi, ankakhulupirira kuti kolera imabwera ndi mpweya wonunkha. Dokotala wina, John Snow, anakana. Iye anati matendawo ali m'madzi a pa mjigo wa mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu anachotsa chogwirira cha mjigowo, koma mumtima sanamukhulupirire.

Whitehead nayenso sanakhulupirire. Ndipo anali ndi chifukwa, poti iye mwini anamwapo madziwo osadwala. Choncho anayamba kuyenda khomo ndi khomo kuti apeze umboni womutsutsa Snow. Ankafunsa amene anadwala, amene anamwalira, ndiponso komwe banja lililonse linkatunga madzi.

Mayankho anamutembenukira. Ambiri mwa odwala anali omwa pa mjigo uja. Kenako anamva za khanda limene linayamba kutsegula m'mimba mliri usanafalikire. Mayi ake ankataya madzi ochapira matewera m'dzenje la zonyansa pakhomo pawo. Atakumba, anapeza kuti pakati pa dzenjelo ndi chitsime sipankakwana ngakhale mita imodzi, ndipo zonyansa zinkadontha kulowa m'madzi.

Akanatha kukhala chete. Koma analemba zonse mu lipoti la 1855, dzina lake lili pomwepo, kusonyeza kuti Snow ndiye ankanena zoona.

Nkhani ya kolera si yakutali kwa inu. Kuno ku Mozambique, makamaka m'chigawo cha Nampula, mphekesera yakhala ikubwerabwera yoti azaumoyo ndi mafumu ndiwo amathira kolera m'zitsime. Ena amenyedwa, ena awotcheredwa nyumba, ena aphedwa. Pa Chipwitikizi mawu awiriwa amamveka mofanana: cloro, mankhwala ophera tizilombo m'madzi, ndi cólera, matenda. Komanso azaumoyo amaoneka m'mudzi nthawi yomwe anthu ayamba kudwala, ndiye munthu wamantha, amene waika mwana dzulo, amalumikiza ziwirizo. Si uchitsiru ayi. Koma nkhaniyo waigwira chadodolido: iwo amabwera chifukwa matenda afika kale.

Mvula ikayamba, mwina mphekeserayi idzafika pa chitsime chanu. Mwina inunso munainenapo. Musanaibwereze, yendani makomo khumi monga anachitira m'busa uja. Funsani amene amathira Certeza kapena kuwiritsa madzi, ndi amene amamwa osateteza. Popeza tsopano mukuphunzira kulemba, lembani mayankhowo m'kope lanu, khomo lililonse pa mzere wake, mukawawerenge pamodzi ndi anzanu m'kalasi.