Kompyuta ya a Malume Yatsegula Pakamwa

Kwa miyezi isanu ndi itatu, kompyuta ya a malume ku Zingwangwa inali ngati mkamwini pamaso pa apongozi: maso ali phethi phethi, koma mawu zii. Anaigula yakaunjika ku Limbe ndi cholinga chimodzi, chakuti asamutsiremo makaseti a kwaya imene ankayimba ali mnyamata, nkhungu isanawamalize m'katoni ya pansi pa bedi. Wokonza makompyuta wina anawaikira Windows 10, anaona kachizindikiro kachikasu mu Device Manager, nagamula: "Madala, sound card iyi inafa kalekale." Kuyambira pamenepo azakhali anaphimba chibokosicho ndi kansalu koluka, n'kuikapo mphika wamaluwa.

Loweruka lina ndinamasula zomangira. Fumbi lake ngati la msewu wa ku Chilobwe mu Okutobala! Nditapemerera, malemba anaoneka: Sound Blaster Live!, ndipo pakati pake kachipu kolembedwa EMU10K1. Ndinaseka ndekha. Khadi imeneyi kampani ya Creative ya ku Singapore inaitulutsa mu 1998, ndipo masiku amenewo mnyamata wokhala nayo ankayenda monyang'wa.

"Malume, khadiyi ndi yamoyo. Yasowa womasulira basi."

Womasulirayo ndi driver, kapulogalamu kamene kamaima pakati pa khadi ndi Windows monga amaimira womasulira pambali pa mlaliki wachilendo. Ma driver amene khadiyi inabwera nawo anali a nthawi ya Windows 98 ndi XP. Windows Vista itafika mu 2007, kayendetsedwe ka mawu kanasinthidwa kuyambira pamaziko, ndipo XP yeniyeniyo inasiya kusamalidwa mu Epulo 2014. Khadi inatsala ikulankhula chilankhulo cha makolo m'nyumba ya adzukulu.

Koma kuli anthu ena amene sataya nkhalamba. Mu 1998 momwemo, Jaroslav Kysela wa ku Czech Republic anayambitsa ALSA, gawo loyendetsa mawu mu Linux, ndipo m'menemo muli driver yotchedwa snd-emu10k1, ya kachipu komweka. Ndinatulutsa fulashi ya Linux Mint, ndinayatsa kompyuta kuchokera pa iyo, ndipo khadi inadziwika yokha popanda kutsitsa kalikonse. Bandulo yanga sinakhudzidwe n'komwe.

Komabe mawu zii. Thukuta linayamba kutsika, a malume atapinda manja kumbuyo kwanga.

"Mphwanga, si uja unati ndi yamoyo?"

Ndinatsegula alsamixer, ndipo pansi pa mzere wa Master panali zilembo ziwiri, MM, kutanthauza kuti pakamwa ndi potseka. Ndinadina M. Poti sipika ndinali nditaikweza mpaka kumapeto ndi kukhumudwa kuja, inaphulika mawu moti mphaka anatulukira pawindo, azakhali n'kubwera kuchokera kukhitchini mthiko uli m'manja.

Zotsatira zinali zophweka ngati kumwa thobwa. Waya wa mapulagi awiri aang'ono, uku kubowo la mahedifoni pa wailesi yakaseti, uku kubowo labuluu la line-in. Audacity, pulogalamu yaulere yojambulira, inayamba kuonetsa mafunde ake. Kaseti yoyamba inali itamasuka, ndiye tinaikulunga ndi bolopeni ngati kale, ndipo ana a neba anaima pakhomo kudabwa kuti akuluakulu akusewera chiyani.

Tsopano pitani kunyumba kuja Lamlungu masana. Kansalu koluka kanabwerera pa kabati. Anzawo a malume amachokera ku Chimwankhunda, ku Nkolokosa, ena mpaka ku Bangwe, aliyense ndi jumbo ya makaseti: ukwati, kwaya ya Mvano, nyimbo za Alleluya Band zojambula pawailesi. A malume amakhala pampando, magalasi ali pamphuno, n'kumawauza alendo kuti atsate mzere. Mawu akuti alsamixer amawatchula ngati dzina la mankhwala a BP.

Tsoka lake ndi limodzi. Zaka zonsezi akhala akutiuza kuti tena ya kwaya yonse ija inkatsamira pa iwo. Pa kaseti yachinayi, pakati pa nyimbo, pakumveka bwinobwino munthu wina akulowa msanga yekhayekha, ndi mawu okwera ngati tambala wongophunzira kulira.

"Bambo a kwathu, ameneyo ndani?" anafunsa azakhali, akudziwa kale.

A malume anati khadiyo ndi yakale, imapotoza mawu. Azakhali anandiuza kuti ndiwaikire kachigawo kameneko mu foni, ndipo tsopano ndi kamene kamalira a malume akamawaimbira.