Mwana Wanzeru Zapadera Asadikire Sitandade 8

Aliyense amene anagwirapo choko m'sukulu za pulaimale za m'boma la Ntcheu akumudziwa mwana amene tikunena pano. Ndi uja amatsiriza masamu anzake asanalembe n'komwe deti, kenaka n'kuyamba kutsina woyandikana naye. Ndi uja amafunsa chifukwa chake ku Tsangano kumazizira pamene ku chigwa cha Bwanje kumatentha, mphunzitsi n'kumukhalitsa chete poti funsolo mulibe m'silabasi. Pa msika wa Lizulu timawaona ana otere akuwerengera amayi awo ndalama za kabichi ndi kachewere pamtima, wogula akadasinkhasinkha. Koma m'kaundula wa sukulu, dzina la mwanayo liri pakati pa maina ena zana, lopanda chizindikiro chiri chonse.

Kunena zoona, dziko lino liri ndi sefa imodzi yokha yopezera ana otere, ndiyo mayeso a Sitandade 8 amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB. Mayesowa ndiwo amagamula amene apite ku sekondale zikuluzikulu za dziko lonse, amene apite ku sekondale ya m'boma mwao monga Ntcheu Secondary School, ndi amene atsale pa sukulu yoyendera ya m'dera. Sitikunyoza mayesowa ai. Chotidandaulitsa n'chakuti amafika mochedwa. Zaka zisanu ndi zitatu n'zambiri kwa mwana amene sukulu yamufwetsa. Ena mwa anzeru zedi amakhala atapita kale ku ganyu wa m'madimba, ndipo asungwana ena amakhala atalowa m'banja, mayesowo asanawapeze.

Maganizo osamala ana anzeru zapadera si achilendo kuno. M'chaka cha 1981 Dr H. Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, kumene ana ochepa osankhidwa m'boma liri lonse ankaphunzira ulere, mpaka Chilatini ndi Chigiriki. Anthu ankatsutsana za ndalama zimene sukuluyo inkadya, ndipo boma litasintha mu 1994 inayamba kudalira makolo olipira fizi. Komabe ngakhale m'masiku ake aulemerero, sukuluyo inkangokolola zimene zapsa kale kumapeto kwa pulaimale. Za mbande imene yafota iri ku nazale panalibe wozifunsa.

Chaka chomwecho cha 1994 maphunziro a pulaimale anakhala aulere, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni mpaka kuzungulira 3 miliyoni. Ichi chinali chinthu chabwino, ndipo sitikufuna kuti wina atimve molakwa. Koma mphunzitsi wa ana zana amaphunzitsa mwana wapakatikati basi. Wochedwa kumva amatsalira, wofulumira amanyong'onyeka. Kwa ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira, tiri ndi koleji ya Montfort ku Nguludi imene imasula aphunzitsi awo. Wofulumirayo ndiye timangoti, "Ameneyu adzionera yekha."

Ena amadzioneradi okha. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi m'nyengo ya njala ya 2002, napeza buku la za magetsi m'kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale, napanga makina a mphepo ndi zitsulo zotola. Mu 2014 anatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Chimene chinamuthandiza si mayeso koma shelefu ya mabuku yosakhoma. Tifunse: ndi sukulu zingati za ku Kasinje, Bilira kapena Njolomole kumene mabuku ali m'katoni mu ofesi ya ahedi, kuopa kuti angade?

Ku America komweko, lipoti la Marland la 1972 linati ana atatu kapena asanu mwa zana liri lonse ali ndi nzeru zapadera. Ngati muyeso umenewu uli pafupi ndi choona, ndiye kuti kalasi iri yonse yodzaza ya Sitandade 2 muno mu Ntcheu iri nawo angapo.

Tsono pempho lathu kwa akuluakulu a maphunziro ndi aphunzitsi silofuna ndalama zambiri. Mphunzitsi wa Sitandade 2 mpaka 4 alembe m'kope lapadera ana amene akumudabwitsa, osati okhoza mayeso okha, komanso ofunsa mafunso ovuta, osema, oimba ndi okonza zinthu zoonongeka. Kopelo lizitsagana ndi mwana pokwera kalasi, ndipo mlangizi wa sukulu za m'zoni aziliitanitsa akabwera kudzayendera. Wotsiriza ntchito msanga apatsidwe buku la kalasi yapatsogolo, osati udindo wolemba maina a olongolola.

Pa mau otsirizawa tikudziloza chala ife eni. Tikuphunzitsa pa sukulu ina ya kumapiri titangochoka ku koleji, tinali ndi msungwana wa Sitandade 4 amene ankakonza masamu athu pabolodi. Tinamupatsa umonitala kuti atileke. Analemba maina mokhulupirika teremu yonse, ndipo teremu yotsatira sanabwerenso.