Njinga Yopalasa Osachoka Pakhomo

Tsiku lonse muli chikhalire pa benchi kudikira makasitomala, mimba nkumangokula, BP nayo ikusuzumira. Mukaweruka, msewu wadzaza maminibasi. Kupalasa njinga nthawi imeneyo nkuika moyo pachiswe.

Ndiye kuli chitsulo china, amati trainer. Mumakolekapo tayala lakumbuyo, limazungulira pomwepo, inu nkumapalasa muli m'nyumba. Mphindi 30 masiku 5 zikukwana 150 pa sabata zomwe a WHO amalangiza.

Koma abale, musathamangire kugula poti mwachiona pa kaunjika. Zambiri anapangira njinga za quick release. Humber yanu ya manati ija mwina silowa. Pitani nayo mukayesere pomwepo musanatulutse ndalama.

Cha maginito nchotsikirako mtengo, cha mafuta m'kati sichisokosa kwambiri. Tayala la manomano limalira ngati chigayo, aneba akudani. Ikani losalala, ngakhale limatha msanga. Thukutanso limadyetsa dzimbiri, yalani kansalu pa mahandulo.