Loya wa zaumoyo: woonetsetsa kuti wodwala sakuponderezedwa

M'chaka cha 2009 apolisi ku Mwanza anagwira amayi omwe ankawaganizira kuti ndi oyendayenda, n'kupita nawo kuchipatala komwe anawatenga magazi osawafunsa n'komwe. Zotsatira zake zinakawerengedwa m'khothi la majisitileti, aliyense akumva kuti uje ali ndi kachilombo ka HIV. Amayi 11 anakasuma mothandizidwa ndi loya Chrispine Sibande ndi bungwe la Southern Africa Litigation Centre. Mu Meyi 2015 woweruza Dorothy nyaKaunda Kamanga wa Khothi Lalikulu ku Blantyre anagamula kuti kuyeza munthu magazi mokakamiza chonchi n'kuphwanya ufulu wake.

Chigamulochi chikuonetsa phata la ntchito ya loya wa malamulo a zaumoyo: thupi la wodwala ndi la wodwalayo, ndipo mphamvu za dokotala, namwino ngakhale boma zili ndi malire. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ulemu wa munthu komanso limaletsa kumuchitirapo kafukufuku wa zachipatala iye asanavomere, pomwe gawo 21 limateteza chinsinsi chake.

Ntchito yambiri ya loyayu imachitikira muofesi, zinthu zisanavute. Amaona ngati dokotala ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, ndiponso ngati namwino kapena mzamba ndi wovomerezeka ndi Nurses and Midwives Council of Malawi. Wofuna kutsegula chipatala cholipira kapena sitolo ya mankhwala amamufunsa za ziphaso, kasungidwe ka mankhwala ndi katayidwe ka omwe atha mphamvu. Zamankhwalazi zimayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, yomwe inabwera ndi lamulo la 2019. Eni zipatala ena amadandaula kuti loya amawachulukitsira mapepala, koma wakutsina khutu ndi mnansi: chipatala chotsekedwa chifukwa chosowa chiphaso chimasiya odwala ali kakasi.

Taganizirani pepala lomwe mayi amasaina kapena kudindapo chala asanalowe ku fiyeta. Loya sakhutira ndi chala chodindidwacho. Amafunsa kuti: kodi mayiyu anamufotokozera m'chiyankhulo chomwe amamva? Anamuuza kuopsa kwa opaleshoniyo ndi njira zina zomwe zinalipo? Anadinda ali bwinobwino, kapena ululu utamufika pakhosi? Ngati mayankho ake ndi okayikitsa, kuvomerako n'kokayikitsanso, ngakhale pepalalo lioneke lodzazidwa bwino.

Zinthu zikalakwika, loya amatolera buku lakuchipatala, fayelo ya wodwala ndi zolemba za anamwino, n'kuyamba kulondola ola ndi ola. Malungo anakwera nthawi yanji? Dokotala anaitanidwa liti, nanga anafika liti? Imfa ina iliyonse imapweteka, koma sikuti iliyonse imadza chifukwa cha kulekerera. Kuti khothi lipereke chipepeso pamafunika umboni woti wogwira ntchitoyo anali ndi udindo wosamala wodwalayo, kuti sanachite zomwe mnzake wodziwa ntchito akanachita, ndiponso kuti kulepherako ndi komwe kunadzetsa vutolo. N'chifukwa chake loyayu amadalira dokotala wina kuti apereke umboni wa ukatswiri. Nthawi zina amaimira namwino amene akuimbidwa mlandu pomwe vuto lenileni linali kusowa kwa magazi, mankhwala kapena ambulansi.

Kudziwa sayansi n'kofunika pantchitoyi. Mayi wina yemwe ali ndi HIV komanso amamwa ma ARV analamulidwa kukakhala kundende miyezi 9 pomuganizira kuti anayamwitsa mwana wa mnzake. Mwanayo sanapezeke ndi kachilombo. Loya wake, Wesley Mwafulirwa, anachita apilo ndipo khothi linalandira umboni wa akatswiri woonetsa kuti mwayi wopatsira kachilombo m'njira imeneyo ndi wochepa zedi kwa mayi amene ali pamankhwala. Mu Januwale 2017 woweruza Zione Ntaba wa Khothi Lalikulu ku Zomba anafafaniza chigamulo choyambacho.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho aphungu a Nyumba ya Malamulo anakambirana lamulo latsopano lokhudza HIV ndi Edzi. Magulu a amayi omwe ali ndi kachilomboka, pamodzi ndi maloya, analimbikira kuti ndime zokakamiza anthu ena kuyezetsa magazi komanso zopereka chilango kwa wopatsira mnzake zichotsedwe, chifukwa mantha a ndende amathawitsa anthu kuchipatala. Ndimezo zinachotsedwadi, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito mu 2018.

Ntchito idakalipo, poti lamulo lathu lalikulu la umoyo wa anthu, Public Health Act, ndi la 1948, nthawi ya atsamunda. Ndipo maloya ambiri ali m'mizinda, kutali ndi odwala akumidzi. Komabe wolakwiridwa ali ndi kolowera. Angayambire kwa wolandira madandaulo pachipatala pomwepo, apo ayi kulembera mabungwe oyang'anira madokotala ndi anamwino, ofesi ya Ombudsman, kapena Legal Aid Bureau yomwe imathandiza osakwanitsa kulipira loya. Asunge buku lakuchipatala, malisiti ndi masiku omwe zinthu zinachitika, pakuti dandaulo lokhala ndi umboni ndi lomwe limakonzetsa chipatala kuti wodwala wobwera mawa asaone zomwezo.