Msonkho wa nyumba ukakwera

Tawuni ya Milange ili m'munsi mwa phiri la Tumbine, pafupi ndi malire a Malawi. Kuyambira caka ca 1998, Milange ndi municipiyu. Municipiyu imakonza misewu, imasesa pamsika, imacotsa zinyalala. Zina mwa ndalama za nchito imeneyi zimacokera ku msonkho wa nyumba. Pa Cipwitikizi msonkhowu amauchula Imposto Predial Autárquico, kapena IPRA.

Ku Mozambique nthaka ndi ya Boma, sigulitsidwa. Koma nyumba ili ndi mwini wake, ndipo ili ndi mtengo wake. Anthu a ku municipiyu ndiwo amawerengera mtengowo. Amayeza kukula kwa nyumba ndi bwalo lake. Amafunsa caka cimene inamangidwa. Amaonanso dera limene nyumbayo ili.

Lamulo la caka ca 2008 linaika msonkho motere: nyumba yogonamo imalipira meticais 4 pa meticais 1.000 aliwonse a mtengo wake. Nyumba ya malonda imalipira meticais 7.

Nyumba yogonamo ya meticais 500.000 imalipira meticais 2.000 pa caka. Ndalamazi amazigawa pawiri. Theka amapereka mu Janeiro, theka lina mu Junho.

Nthawi zina municipiyu imawerengeranso mtengo wa nyumba. Mtengo ukakwera, msonkho nawo umakwera. Ngati mwini nyumba anawonjezera zipinda, kukwerako nkoyenera. Koma olemba nawonso ndi anthu, amaphonya. Akhoza kulemba nyumba yakale ngati yatsopano. Akhoza kulemba yaing'ono ngati yaikulu. Akhoza kulemba nyumba yogonamo ngati sitolo. Zikatero, nyumba ija ya meticais 2.000 ilipira meticais 3.500. Meticais 1.500 owonjezerawo akanagula cimanga, makope ndi mapensulo a ana.

Kodi mwini nyumba atani? Asang'ambe pepala la msonkho. Asangokhala pakhomo kudandaula. Awerenge pepalalo bwino, kapena apemphe wina amuwerengere. Kenaka ayeze nyumba yake, m'litali ndi m'lifupi, nkulemba manambalawo. Asonkhanitse mapepala a nyumba ndi malisiti a zaka zapitazo.

Akatero alembe kalata ya dandaulo. Pa Cipwitikizi amati reclamação. M'kalatamo anene dzina lake, pamene pali nyumba, ndi colakwikaco. Kungonena kuti msonkho wakwera sikukwanira. Ayenera kuonetsa nambala imene yalakwika.

Kalatayo apite nayo ku ofesi ya municipiyu. Atenge makalata awiri ofanana. Imodzi aisiye, inayo amudindire cidindo ndi tsiku, abwerere nayo kunyumba. Asacedwe, cifukwa dandaulo lili ndi masiku ake owerengeka.

Municipiyu ikakana, nkhani siinathe. Pali bwalo la milandu ya misonkho, lochedwa Tribunal Fiscal. Mwini nyumba akhoza kukadandaulanso kumeneko.

Mafunso
1. Kodi nyumba yogonamo ya meticais 100.000 ilipira msonkho wa meticais angati pa caka?
2. Ncifukwa ciani mwini nyumba amatenga makalata awiri?