Kupalasa njinga utagwira buleki

Anzanga, tayerekezani wakabaza akupalasa ndi mphamvu zake zonse, kwinaku atagwira buleki kuti njinga isathamange. Mungamuseke, eti? Komatu umu ndi mmene mapampu ambiri amagetsi amagwirira ntchito. Mota imazungulira pa liwiro limodzimodzi, ndipo madzi akachuluka, munthu amangotseka valavu pang'ono. Madzi achepa, koma mayunitsi akuthabe.

Vuto lagona apa: magetsi a ESCOM amapita uku n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi, ija timati 50 Hz mu Physics. Liwiro la mota ya AC limatsatira nambala imeneyi. Mota yofala ya mapolo 4 imazungulira pafupifupi ka 1,500 pa mphindi, kaya ntchito yachuluka kaya yachepa.

Mankhwala ake ndi kabokosi kotchedwa variable frequency drive, mwachidule VFD, komwe amakaika pakati pa magetsi ndi mota. Poyamba kamasandutsa AC kukhala DC. Kenako matransista ake amayatsa ndi kuzimitsa DC ija maulendo masauzande pa sekondi, n'kupanga AC yatsopano ya frequency yomwe ikufunika. Mukaika 40 Hz, mota ija imatsika kufika pafupifupi 1,200.

Tsono tamvani masamu ake. Pa fani ndi pampu yokankha madzi ndi zipupa zozungulira, mphamvu yofunika imayendera liwiro kuchulukitsa ndi lokha katatu. Liwiro la 40 Hz ndi 0.8 ya liwiro lonse, ndipo 0.8 × 0.8 × 0.8 ndi 0.512. Mwachotsa 20 peresenti yokha pa liwiro, koma magetsi atsika pafupifupi ndi theka! Pampu ikamakweza madzi m'thanki yapamwamba, phindu limacheperapo, chifukwa ikazungulira pang'onopang'ono kwambiri madzi safika.

Chinanso, mota yoyatsidwa mwachindunji imakoka karenti pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa ya nthawi zonse. N'chifukwa chake mababu amaphethira chigayo chikamayatsidwa. VFD imaidzutsa mota pang'onopang'ono.

Kabokosika n'kodula, inde. Koma magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo sakwanira. Yuniti yomwe pampu yasiya ikhoza kuyatsa babu la munthu amene akuwerengera MSCE.

A Fomu 3 ndi 4, nali funso: fani ikatsitsidwa kufika pa 25 Hz, idzadya gawo lanji la magetsi? Lembani yankho m'munsimu, osaonera!