Kodi Mbedza Ingaime pa Mzere Umodzi ndi Mpira?

Aliyense amene amayenda pa msewu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata adziwa kuti basi imaima pa msika wa Luangwa Bridge, pamene pali madengu ndi milu ya nsomba zouma. Tsiku lina, titagula ndiwo zathu ndi kunyamukanso, tinaona kumunsi kwa mlatho kamnyamata katakhala pa mwala, nsungwi ili m'manja, maso ali pa madzi. Mnyamata wina m'basimo, wobvala malaya a Chipolopolo, anaseka nati: "Anzake ali ku bwalo la mpira, iye wangoti phee ngati citsa. Umenewo ndi ulesi." Mkulu wina wa imvi anamuyankha kuti: "Mwana wanga, kodi sudziwa kuti ku Kariba anthu amapikisana pa cinthu comweco, nalandira mphotho?" Mkangano unakula mpaka tinafika ku Nyimba, koma sunathe.

Ine ndinakhala cete, komabe funso lija ndinafika nalo kunyumba. Kodi kuwedza nsomba ndi mbedza kuyenera kulimbikitsidwa monga timacitira ndi mpira, nkhonya ndi liwiro?

Kodi kuwedza ndi masewera?

Amene sanagwirepo mbedza amayesa kuti woweza amangodikira mwayi. Ife amene tinakula tikukumba nyongolotsi m'dambo Loweruka m'mawa tidziwa kuti si conco ai. Uyenera kudziwa pamene mlamba umabisala madzi akada ndi mvula yoyamba, nthawi imene mphende imadya, ndi nyambo imene nsomba iliyonse imakonda. Kabango koyandama kakagwedezeka uyenera kuzindikira ngati ndi nsomba, nkhanu kapena mphepo cabe. Ukakoka msanga wataya, ukacedwanso nyambo yapita. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Palinso kuwedza kofuna mphamvu. Mu Zambezi muli nsomba ya mano akuthwa imene timaicha mceni, Alozi nati ngweshi, azungu nati tiger fish. Ikakodwa imathamanga ndi cingwe, kudumpha pamwamba pa madzi ndi kupukusa mutu mpaka mbedza itafwamphuka. Mano ake amadula cingwe, cotero oweza amamanga kawaya pafupi ndi mbedza. Ambiri amabwerera manja okhaokha, mikono ikuwawa.

Maiko ena anabvomera kale kuti awa ndi masewera. M'caka ca 1900, pa nthawi ya masewera a Olympic ku Paris, panacitika mpikisano wa kuwedza mu mtsinje wa Seine, ngakhale kuti suwerengedwa pa mipikisano yobvomerezeka ya Olympic. Mu 1952 ku Rome kunakhazikitsidwa bungwe la CIPS, limene limayang'anira mipikisano ya kuwedza pa dziko lonse. Ku England bungwe la boma la zamasewera limawerengera kuwedza pamodzi ndi masewera ena. Koma kufikira lero kuwedza sikunalowe pa mndandanda wa masewera a Olympic.

Kwathu kuno nakonso mipikisano siyacilendo. Umene ananena mkulu wa m'basi uja umacitikira pa nyanja ya Kariba, ku tsidya la Zimbabwe. Unayamba mu 1962, ndipo magulu amapikisana pogwira mceni m'nyengo yotentha. Malo ogona alendo a ku Lower Zambezi ndi a m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika amalandira anthu ocokera kutali odzaweza, ndipo ana a m'midzi yozungulira amapezako nchito yoyendetsa mabwato ndi kulondolera alendo.

Zimene otsutsa amanena

Mnyamata wa malaya a Chipolopolo uja tisamupeputse, cifukwa mau ake ali ndi mutu. Mpira uli ndi mphamvu imene mbedza ilibe. Pa 12 Febuluwale 2012, pamene Zambia inagonjetsa Ivory Coast ndi mapenate 8 kwa 7 ndi kutenga cikho ca Africa ku Libreville, dziko lonse linapfuula ndi pakamwa pamodzi. Misozi inagwanso, pokumbukira kuti m'nyanja ya pafupi ndi mzinda womwewo ndi mmene munagwera ndege mu Epulo 1993, imene inapha anthu 30, pakati pao osewera 18. Palibe nsomba, ingakule cotani, imene ingagwirizanitse mtundu wa anthu motero.

Caciwiri ndi ndalama. Mamendulo a Olympic amene dziko lathu lapata ndi atatu okha: ya Keith Mwila pa nkhonya mu 1984, ya Samuel Matete pa liwiro lodumpha zopinga mu 1996, ndi ya Muzala Samukonga pa liwiro la mamita 400 mu 2024. Ngati thumba la zamasewera silikwanira ngakhale kwa othamanga, angafunse otsutsa, tigawirenji pang'ono pomwepo?

Cacitatu ndi ici: mpira umodzi, ngakhale womanga ndi mapepala, umasangalatsa ana 22, ndipo mudzi wonse umaonerera ulere. Mpikisano wa pa Kariba umafuna bwato la injini, mafuta, ndodo zodula ndi galimoto yokokera bwatolo. Ndi masewera a anthu opata bwino. Tisaiwalenso kuti nyanja imeneyi inamiza minda ndi manda a Atonga okwana ngati 57,000, amene anasamutsidwa pomanga damu m'zaka za m'ma 1950. Zidzukulu zao zambiri zimangoona mabwato aja akudutsa patali.

Mpira sudyedwa

Apa ndi pamene pagona nkhani. Masewera akatha, mpira umabwerera m'kabati, ndipo mawa udzatulukanso momwe unaliri. Nsomba ndi camoyo, komanso ndi ndiwo. Cimene mlendo amajambula naco cithunzi ndi cimene mayi wa ku Luangwa amagulitsa kuti alipirire mwana sukulu. Cotero kuwedza sikungayesedwe ndi muyeso wa mpira.

Asodzi acikulire amadandaula kuti nsomba zacepa, ndipo zifukwa zake tizidziwa tonse. Maneti a udzudzu, amene anaperekedwa kuti atichinjirize ku malungo, ena amakokera nao m'madzi, kusesa ndi tiana ta nsomba tomwe. Ena amathira katupe m'ziwe, kupha zonse tsiku limodzi. Ndi cifukwa cake boma limatseka usodzi m'madzi ambiri a dziko lino kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto a Febuluwale, kuti nsomba ziswane. Komabe amene amazemba lamuloli usiku alipo.

Woweza wa mbedza imodzi amagwira nsomba imodzi pa nthawi, ndipo amaiona ili yamoyo m'manja mwake. Akhoza kusankha: yaing'ono aibweze, yokhala ndi mazira aibweze. Oweza a masewera ambiri masiku ano amayeza nsomba, kuijambula ndi kuibwezera m'madzi, cifukwa adziwa kuti mtsinje ukatha masewera ao athanso. Mwana wophunzira mwambo umenewu sadzavutika kumvetsa cifukwa cake usodzi umatsekedwa. Pano ndi pamene ndiona phindu lalikulu la kuwedza: ndi sukulu yosunga mitsinje yathu, imene bwalo la mpira silingaphunzitse.

Koma pali cenjezo. Ngati kulimbikitsa masewerawa kutanthauza kupatula madooko abwino kuti akhale a alendo okha, msodzi wa bwato losema nathamangitsidwa pamene makolo ake anali kuweza, ndiye kuti tasinthanitsa nsima ndi cithunzi. Zotere siziyenera kuloledwa.

Nanga ticite ciani?

Maganizo anga ndi akuti kuwedza kulandiridwe ngati masewera enieni, koma kusalimbirane mbale imodzi ndi mpira. Sikufuna bwalo lalikulu kapena ulendo wa pa ndege. Kumene kuli damu kapena mtsinje wodekha, sukulu kapena gulu la acinyamata a pa parishi likhoza kukonza mpikisano wa m'mbali mwa madzi, aliyense ndi nsungwi yake. Malamulo akhale omveka: mbedza imodzi, nthawi yoikika, nsomba zazing'ono zibwezedwe, ndipo m'miyezi yotsekedwa pasakhale mpikisano. Ayambe apempha cilolezo kwa amfumu ndi kwa alangizi a zansomba, amene angabwerenso kudzaphunzitsa tsiku lomwelo.

Makolo anzanga, madzi saseweretsa. Ana asapite okha. Malo a ng'ona ndi mvuu apewedwe, ndipo ana aweze ali pouma, popeza m'madzi oima ndi mmene likodzo limalowera m'thupi. Wamkulu wodziwa kusambira akhalepo nthawi zonse.

Mpikisano wotere uli ndi malo a anthu amene mpira umawasiya kunja kwa mzere: mwana wolumala mwendo, mtsikana wamanyazi, mnyamata wofatsa amene anzake samusankha, ndi agogo amene maondo anakana. Ndi masewera angati amene mdzukulu ndi agogo ake angapikisane ataima pamodzi? Ndipo aja a mabwato a injini, ngati afunadi kuti masewera ao achedwe a dziko lonse, atsike adzagawireko ana mbedza, zingwe ndi nzeru zao. M'mera mpoyamba.

Kamnyamata ka pa mwala kaja mwina sikanali kusewera konse. Mwina mayi ake anali atateleka kale madzi a nsima, akudikira. Koma cimene kanali kuphunzira tsiku lija si ulesi ai. Ngati tikaphunzitsa kubweza nsomba yaing'ono lero, ana ake adzapezabe cowedza mu Luangwa, ndipo ife a m'basi tidzapezabe cogula pa mlatho.